Alendo osaka mbalame opanda legeni

Mwezi wa Setembro ukamatha, mitengo ya mombo ndi tsamba itaphukira masamba ofiira, anthu ena a ku Joni, ku Zimbabwe ndi ku Ulaya amatenga tchuthi nayamba ulendo wa ku Moçambique. Katundu wawo ndi magalasi oonera patali, kamera, ndi buku la zithunzi za mbalame. Mfuti alibe, legeni alibe, ngakhale ulimbo satenga. Amadzuka tambala woyamba, kuima m'matope mpaka dzuwa paliwombo, ndipo akaona mbalame imene sadaionepo amailemba m'kope, nabwerera ku msasa ali osangalala ngati apha ngoma. Munthu wa kumudzi akamva zimenezi amaseka, amvekere ndalama zikachuluka zimasokoneza mutu. Koma njira imene alendowa amatsata ili ndi nkhani yokhudza dimba ndi mphika wa banja lililonse la m'malire muno.

Ambiri amalowera pa Machipanda kupita ku Beira, nakayambira ku madambo a Rio Savane, kumpoto kwa mzindawu, kumene madzi a mtsinje amakumana ndi madzi amchere. Amasankha nyengo imeneyi chifukwa kuyambira Setembro mpaka Novembro kumafika mbalame zothawa chisanu cha ku Ulaya ndi ku Siberia. Nyanja ikaphwera, timbalame ta miyendo yaitali timadzaza m'matope kutola nyongolotsi ndi tinkhanu, kubwezeretsa mafuta amene adatha panjira.

Namzeze amene amauluka pamwamba pa minda ya ku Angónia mvula ikayandikira, ambiri ndi a ulendo womwewo. Kambalame kolemera magalamu 20 okha kamadutsa nyanja ya Mediterranean ndi chipululu cha Sahara, ndipo pofika Março kapena Abril kamabwerera kukaswa kwawo. Izi zidadziwika ndi timphete timene akatswiri amaveka mbalame kumwendo. Namzeze wina adavekedwa mphete ku England mu 1911, ndipo adapezeka ku Natal mu Dezembro 1912.

Kuchoka ku Beira, alendo amalunjika kumpoto ku Marromeu, kumene Zambezi amagawikana asanathire m'nyanja. Mu 2004 dambo limeneli lidakhala loyamba mu Moçambique kulembedwa pa mgwirizano wa Ramsar, umene maiko adapangana mu 1971 kuti aziteteza madambo. Mbalame imene amaifuna kwambiri kuno ndi ija Apwitikizi amaitcha grou-carunculado, yotalika kufika m'phewa mwa munthu wamkulu, ya khosi loyera ndi ndebvu ziwiri zolendewera. Imadya timizu ta udzu wa m'madzi, imamanga chisa pakati pa madzi osefukira, ndipo kawirikawiri imalera mwana mmodzi yekha.

Kale Zambezi ankasefukira chaka ndi chaka pa nthawi yodziwika. Kariba atamangidwa mu 1959 ndi Cahora Bassa mu 1974, madzi adayamba kutsika motsata zofuna za magetsi. Mbali zina za dambo zidauma, moto udayamba kulowa kumene kale sunkafika, ndipo mbalame ija idasowa poswera. Anthu nawo adalira chimodzimodzi. Nsomba zimene zimaswana m'madzi osefukira zidachepa, alimi odalira chinyezi chotsala adasokonezeka, ngakhale asodzi a camarão kunyanja adaona kusintha. Mbalame idangoyamba kuonetsa vuto limene pambuyo pake lidafika pakhomo pa munthu.

Kenaka ulendo umakhotera kumtunda, ku chigwa cha Urema mu paki ya Gorongosa. Pakiyi idakhazikitsidwa mu 1960. Nkhondo imene idatha ndi mgwirizano wa ku Roma pa 4 Outubro 1992 idapulula nyama zambiri kumeneko, koma madzi a Urema adatsala, ndipo avuwo, adokowe, akakowa ndi ankhwazi sadachoke. Mu 2008 boma lidagwirizana ndi bungwe la Greg Carr kuti akonzenso pakiyi, ndipo anthu ambiri a m'midzi yozungulira adapezamo ntchito, ena ya ulonda, ena yoperekeza alendo. Woperekeza wabwino ndi uja adakulira kubusa, amene amazindikira mbalame ndi kulira kokha asanaione.

Olimba mtima amaoloka Zambezi pa mlatho wa ku Caia, umene udatsegulidwa mu 2009, nadzera ku Mocuba mpaka ku Gurué. Kumeneko kuli phiri la Namuli, lotalika mamita 2,419. M'nkhalango yake muli kambalame kakang'ono kotchedwa ndi dzina la phirilo, kamene sikapezeka m'dziko lina lililonse kunja kwa Moçambique. Mzungu wina, Jack Vincent, adakapeza mu 1932, ndipo akatswiri sadakaonenso mpaka 1998. Koma nkhalango ya Namuli yakhala ikudulidwa ndi kutenthedwa kuti pakhale minda ya batata-reno, mbewu yomweyo imene imadyetsa mabanja ku Tsangano ndi ku Angónia. Mlimi wa pa Namuli sangadzudzulidwe chifukwa chofuna ndalama ya sopo ndi ya sukulu. Komabe munda wa pamalo otsetsereka umabereka zaka zochepa, nthaka n'kukokoloka, ndipo mitsinje yochokera m'phirimo ndi imene imamwetsa anthu a kumunsi.

A ku Milange chitsanzo ali nacho pafupi. Pali mbalame ina ya pansi pa mitengo yowirira imene idapatsidwa dzina la phiri la Thyolo ku Malawi. Nkhalango ya pa phiri limenelo idadulidwa pafupifupi yonse, kotero ofuna kuiona tsopano amayang'ana ku mapiri ngati Chiperone, Mabu ndi Namuli, mbali ino ya malire. Chimene chidachitika ku Thyolo chikhoza kuchitikanso ku Chiperone ngati nkhwangwa ndi moto zilekereredwa.

Ku Mecanhelas nkhani ndi ya nyanja za Chilwa ndi Chiuta. Kumeneko tsekwe, abakha a m'madzi ndi nkhuku za m'dambo ndi ndiwo, ndiponso ndi malonda. Chilwa atauma mu 1995 ndi mu 2018, asodzi ambiri adasiya maukonde natembenukira ku misampha ya mbalame, popeza mwana wanjala sauzidwa za alendo. Palibe wanzeru amene anganene kuti kusaka kutheretu, monganso palibe angauze mlimi wa mpunga kuti azionerera mpheta zikumaliza munda. Chofunika ndi muyeso. Mbali ya Malawi, kumene nyanja ya Chilwa idalembedwa pa mgwirizano wa Ramsar, osaka mbalame adapanga magulu napatula malo ena oti mbalame ziziswana popanda kuzivuta. Mbalame sidziwa chipata cha Entre Lagos. Zikamasungidwa tsidya limodzi n'kumatoledwa mazira tsidya linalo, onse awiri adzagona ndi njala.

Kodi mudzi umapindulanji ndi alendo otere? Zoona zake n'zakuti ku midzi yambiri ya m'malire sadzafika konse, chifukwa misewu ndi yovuta ndipo malo ogona ndi ochepa. Kumene amafika, amalipira woperekeza, wonyamula katundu, mwini bwato ndi mayi wogulitsa nthochi. Mu 2005 boma lidaika ndondomeko yoti magawo 20 mwa 100 alionse a msonkho wa nkhalango ndi nyama azibwerera kwa anthu a dera limene chumacho chachokera, koma ndalamazo zimafuna komiti yodziwika ndi akaunti ya ku banki. Mafumu ndi akuluakulu a m'midzi ali ndi ufulu wofunsa za zimenezi ku ofesi ya distrito.

Phindu lenileni lili pa madzi. Dambo limene nantchengwa amamangapo chisa chake chachikulu ndi lomwelo limene lili ndi achule, milamba ndi chitsime chosaphwa mu Outubro. Anyamata akalitentha pofuna mbewa, kapena wina akalima mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje, mvula yoyamba imakumba chigwembe, madzi n'kuthawa, ndipo chaka chotsatira dimba la kabichi ndi tomato limafuna chitsime chakuya kuposa kale. Akulu adati madzi akatayika saoleka.

Chotero nyengo ino, mfumu ikaitanitsa msonkhano wokonzekera dzinja, pali mfundo zitatu zosafuna ndalama zimene mudzi ungagwirizane. Moto usalowe m'dambo udzu utauma. Mitengo ndi bango za m'mbali mwa mtsinje zisiyidwe. Mazira ndi anapiye a mbalame za m'madzi asatengedwe, ndipo wopezeka nawo aonekere ku bwalo. Agogo nawonso aziphunzitsa adzukulu maina a mbalame ndi nyengo imene iliyonse imafika, chifukwa mwana wodziwa zimenezi ndi amene adzayambe kuzindikira dambo likayamba kuuma.