Alangizi a zamalamulo asamathe pamodzi ndi pulojekiti

Mayi wamasiye akalandidwa ng'ombe ndi katundu wa m'nyumba sapita kwa loya ku Lusaka. Amathamangira ku parishi kapena ku bungwe la m'dera, kwa mlangizi wa zamalamulo amene ambiri timamucha paralegal. Mlangiziyu ndiye amamuuza kuti, malinga ndi lamulo la 1989, munthu akafa wosalemba wilo ana amatenga magawo 50 pa 100 a cuma, mkazi kapena mwamuna wotsala 20, makolo 20, ndipo ena odalira malemuyo 10.

Boma linazindikira nchito imeneyi mu mfundo zake za 2018, ndipo lamulo la Legal Aid la 2021 linawapatsa alangiziwa malo ovomerezeka. Koma ambiri amadalirabe ndalama za mabungwe othandiza, zimene zimabwera mwa pulojekiti ya zaka zocepa. Pulojekiti ikatha, ofesi imatsekedwa, mlangizi wodziwa nchito amakafuna pena podyera, ndipo milandu ya anthu imatsala m'makabati. Dziko la America litadula thandizo la USAID mu 2025, tonse tinaona kuopsa kotsamira mtengo umodzi.

Tikupempha opereka thandizo kuti asinthe kaperekedwe. Coyamba, alipire malipiro a alangizi kwa zaka zambiri. Misonkhano ya m'mahotela ndi masikipa olembedwa sizisunga munthu panchito. Caciwiri, alipirire anyamata ndi atsikana akumudzi maphunziro ovomerezedwa ndi TEVETA, kufikira atalembetsedwa ku Legal Aid Board. Mwana wa ku Petauke wolankhula Cinsenga, kapena wa ku Lundazi wolankhula Citumbuka, amamvana msanga ndi anthu ndiponso mafumu a kwao. Cacitatu, mabungwewa agwirizane pa malipiro oyenera m'malo molandana anchito, ndipo akakamize boma kuika ndalama za alangizi mu bajeti ya caka ndi caka.

Nafenso tisangopinda manja. Parishi ingapereke cipinda. Makopaletivu a alimi angasonkhe kangacepe nthawi yokolola, popeza mlimi amene wasaina pangano la thonje kapena fodya osalimvetsa amafunanso mlangizi yemweyo.

Wopereka thandizo aliyense adzifunse funso ili asanasaine ceke: kodi ndalama zanga zikadzatha, ndani adzatsegula ofesi ija Lolemba m'mawa?