Mlandu suwola, tiukonzekere

Mlandu suwola, amatero akuluakulu. Pa 1 Julaye 1890 Britain ndi Germany anasainirana pangano la Heligoland, nagwirizana kuti malire a madera awo atsate gombe la kum'mawa la Nyanja ya Malawi. Amene anasainawo anawola kale m'manda, koma mlandu wawo udakali wauwisi. Unabukanso mu 2012, boma la Malawi litapatsa kampani ya Surestream chilolezo chofufuza mafuta m'nyanjamo. Joaquim Chissano, Thabo Mbeki ndi Festus Mogae anayesa kuyanjanitsa Malawi ndi Tanzania, koma nkhani sinathe.

Ndiye chifukwa chake makhoti oyeserera a ophunzira zamalamulo sindiwayesa masanje. Pa mpikisano wa Jessup, umene unayamba mu 1960, ophunzira amaimira mayiko ongopeka ngati ali pa khoti la dziko lonse la ku The Hague. Gulu lililonse limakonzekera mbali zonse ziwiri: lero ndiwe wodandaula, mawa woyankha. Phindu lagona pamenepo.

Ife tinazolowera kumva mbali yathu yokha. Pangano la 1890 lilipo, ndipo mu 1964 atsogoleri a OAU anagwirizana ku Cairo kuti dziko lililonse lisunge malire amene linawapeza polandira ufulu. Zoona. Nanga a Tanzania akati? Akuti pamene mayiko awiri alekanitsidwa ndi madzi, malire amadutsa pakati. Akuti mapu ena a atsamunda omwewo anajambula mzere pakati pa nyanja. Atha kulozanso ku Mozambique, kumene pangano la 1954 linagawa madzi pakati, Likoma ndi Chizumulu nkutsalira kwathu. Mwana wa ku Karonga amene akuphunzira malamulo ku Zomba aimirire, anene mfundo zimenezi mwamphamvu mpaka anzake atuluke thukuta. Ena adzati wagulitsa dziko. Ayi ndithu, watisonyeza podontha denga mvula isanagwe.

Komanso pali mlandu wina woti aukutule. Botswana ndi Namibia anakanganirana kachilumba ka Kasikili, kapena kuti Sedudu, mu mtsinje wa Chobe, ndipo gwero lake linali pangano lomwelo la 1890. Oweruza anasinkhasinkha za kuya ndi kutambasuka kwa madzi kuti adziwe njira yeniyeni ya mtsinjewo, ndipo mu 1999 anapereka chilumbacho kwa Botswana. Anakumbutsanso kuti mabwato a mayiko onse awiri aziyenda momasuka m'madzi ozungulira chilumbacho. Mfundo yomalizayi ndiyo ingamufike pamtima msodzi wa usipa, amene sanafunsidwe kanthu mu 1890.

M'mera mpoyamba. Kubwereka maloya a kunja n'kodula, ndipo amachoka ndi nzeru zawo mlandu ukatha. Masukulu athu azamalamulo aitane anzawo a ku Dar es Salaam chaka ndi chaka, achite maere osankha mbali, ndipo oweruza opuma pantchito akhale pampando. Amalawi akagwera mbali ya Tanzania, aimenyere nkhondo mpaka chigamulo.