Tichotse Manyazi, Tichove Njinga

Chaka ndi chaka azungu amadutsa mu Great East Road pa njinga. Ena amakhala a gulu la Tour d'Afrique, lija linayamba mu 2003 kuchova kuchokera ku Cairo mpaka ku Cape Town. Amalowera ku Chipata kuchokera ku Malawi, n'kulunjika ku Lusaka. Ife tikawaona tili mu basi timatulutsa mafoni, tikuti, "Awa ndiye olimba!" Koma paphiri lomwelo pamakhala bambo wina akukankha njinga yosenza matumba atatu a malasha, malaya atanyowa ndi thukuta. Ameneyo palibe amamujambula. Timangoti, "Mavuto."

Phiri ndi limodzi, dzuwa ndi limodzi, ndipo wa malasha ndiye wanyamula katundu wolemera. Nanga ulemu wapita bwanji kwa mlendo yekha?

Tikambe zoona: ife a mu tauni timachita manyazi ndi njinga. Mnyamata wa ku Chelstone amalolera kupsa mu minibasi ola lathunthu, itaima pa jamu ya pa Manda Hill, kusiyana ndi kuti anzake amuone akuchova. Madzulo yemweyo amalipira ndalama ku jimu kuti akachove njinga yosapita kulikonse. Tinadziuza tokha kuti njinga ndi ya alonda, ya ogulitsa malasha ndi ya achibale akumudzi, ndipo kuti munthu akaphunzira ayenera kuoneka mu motoka, ngakhale ya ngongole.

Manyazi amenewa ndi achilendo. Ku Chipata, m'nthawi ya a Kaunda, fakitale ya Luangwa Industries inali kupanga njinga za Eagle, ndipo mpaka lero tauniyo imayenda pa njinga: anthu amakwera pakaliya kupita kumsika, kuchipatala ndi kuntchito. Njinga ya Buffalo inapangidwa kuti kaliya yake izinyamula makilogalamu 100, chifukwa oipanga anaona zimene njinga imachita kuno. Ku Lusaka anthu anafika popanga njinga za nsungwi n'kumazigulitsa kunja. Dziko lonse likudziwa kuti Zambia ndi dziko la njinga, kupatula ife.

Manje tiyeni tiyese tsiku limodzi chabe: kuchokera pa Luangwa Bridge mpaka ku Nyimba, mtunda wa makilomita pafupifupi 100. Njinga imakwera basi kuchokera ku Lusaka, timagona pamsika wa pamlatho paja amagulitsa nsomba zouma ndi madengu. Kunyamuka ndi kusanache, chifukwa chigwa cha Luangwa chikatentha sichiseka ndi munthu. Tikawoloka mlatho wa 1968 uja, Lusaka Province yatsala kumbuyo, talowa ku Eastern. Pomwepo msewu umayamba kukwera. Phiri likatha timaganiza kuti tapuma, koma kutsika kwa mphindi zitatu kumatitula patsinde pa linzake. Mu basi malo amenewa timawadutsa tikuwodzera. Pa njinga ntchafu zimawerenga phiri lililonse.

Pofika ku Kacholola madzi atha kawiri, ndipo tadziwa mtunda umene uli pakati pa mjigo ndi mjigo. Tayala likaphulika, amene amatithandiza ndi mkulu wa pansi pa mtengo, wa pampu, guluu ndi zidutswa za chubu chakale. Amamata mwachangu kuposa ife ndi mavidiyo athu a YouTube. Moni umasintha pang'onopang'ono kukhala wa Chinsenga. Madzulo tikamalowa mu Nyimba, nthochi zija timagula pawindo la basi tikukangana za mtengo zimakoma mwina, chifukwa taona mapiri amene zimadutsa zisanafike pamsewu.

Wina afunsa kuti phindu lake n'chiyani. Phindu lake ndi kudziwa tanthauzo la kilomita. Ife ndife tidzakhala mainjiniya, makhansala, anamwino ndi aphunzitsi. Munthu amene anachovapo pamapiri aja sangalembe mosaganiza kuti kiliniki ili "pafupi" pamene ili pa makilomita 20. Sangadabwe kuti mwana wafika kusukulu mochedwa ndiponso wotopa. Dziko limene timalidziwira pawindo timalikonzera zinthu zolakwika.

Wina anena kuti msewuwo ndi woopsa. Sakunama. Mathiraki ndi mabasi amadutsa pafupi kwambiri mpaka mphepo yake kugwedeza chiwongolero, ndipo pena wa njinga alibe kothawira koma kuthengo. Koma ngozi imeneyi wa malasha wa ku Chongwe amakumana nayo m'mawa uliwonse, kuti ife tiphike magetsi akazima. Siimveka chifukwa amene ali ndi mawu, mafoni ndi achibale m'maofesi sachova njinga. Tsiku limene ana a mu tauni adzayambe kukankhidwira m'ngalande ndi mabasi, nkhani ya malo a njinga m'mbali mwa msewu idzafika msanga pa matebulo a RDA ndi RTSA. Ndi zomvetsa chisoni, koma ndi mmene zilili. Tiyeni tizifunse lero: msewu uliwonse umene ukukonzedwa ukhale ndi mbali yotakasuka, yosadyeka ndi mvula, ndipo madalaivala aphunzitsidwe kuti wa njinga naye ndi mwini msewu.

Winanso atichenjeza kuti tisasandutse umphawi kukhala masewera. Apa tigwirizane naye. Bambo wa matumba atatu sakuchova chifukwa chokonda mapiri, ndipo atapeza vani lero angakwere. Ife tikatopa tili ndi ndalama ya basi m'thumba, iye alibe. N'chifukwa chake sitipita kumeneko kukajambula ana a eni ake kapena kugawa maswiti monga alendo. Timapereka moni poyamba, timapempha madzi mwaulemu, timalipira wokonza njinga ndalama imene wanena, ndipo paphiri timamupatsa njira wonyamula katundu.

Mwezi wa Juni ndi Julayi kumazizira, mvula kulibe. Safunika njinga ya madola; yofunika ndi ya mabuleki ogwira, pampu, chubu chapadera, mabotolo a madzi, chipewa choteteza mutu ndi chovala chowala. Tipite anayi kapena asanu, ndipo dzuwa lisanalowe tikhale tachoka pamsewu. Amene akuopa makilomita 100 ayambe ndi Lusaka mpaka Chongwe. Anzathu adzatiseka ndithu. Asiyeni aseke ali pa jamu.