Sindimwa tiyi, koma pa tiyirumu ndili ndi mpando wanga

Amene munafikako ku Senga Bay, m'dera la mfumu yaikulu Maganga ku Salima, mukudziwa kuti kumeneko anthu salindira dzuwa kuti adzuke. Pofika 5 koloko m'mawa maboti a usipa amakhala akukocheza, alovi atanyowa ndi kuzizidwa usiku wonse, ogula nsomba atandanda ndi mabeseni awo, ena akutuluka mu mzikiti. Ambiri mwa anthu amenewa asanapite kwawo amayamba akhotera pa tiyirumu. Ndi kanyumba ka chipinda chimodzi, nsalu pakhomo, mabenchi awiri kapena atatu, ketulo yaikulu pa mbaula, ndi beseni la mandasi ndi masikono lovundikira ndi nsalu.

Ine ndinakulira komweko, koma mpaka chaka chatha ndinali ndisanakhalepo pansi m'nyumba yotere. Kwathu sitimwa tiyi, ndipo kusekondale ya mpingo komwe ndinaphunzira tinkamwa phala m'mawa. Ndinakula ndikuganiza kuti pa tiyirumu ndi pamalo pa anthu ena, osati ife. Maganizo omwewa ndawamvanso kwa anzanga ambiri kuno ku koleji, ndipo lero ndikufuna kutsutsana nawo. Ndikuti mwana wa Adventist, makamaka amene akuphunzira zauphunzitsi, azilowa pa tiyirumu ya kwawo, azikhala pansi, azigula kanthu ndi kumvetsera. Atha kuchita zonsezi osamwa tiyi ndi dontho lomwe.

Chimene chinandilowetsa ine ndi mwana wa anansi athu, mnyamata wa Sitandade 7 amene ndinkamuthandiza masamu patchuthi. Tsiku lina anangosiya kubwera. Ndinamva kuti wayamba kupita kunyanja usiku ndi alovi, ndipo sukulu sakuifunanso. Ndinapita kwawo katatu osaonana ndi bambo ake, pakuti masana amagona ndipo madzulo amakhala kudoko akusoka chilimila. Mayi ake ndiwo anandiuza kuti, "Ngati mukuwafuna abambo ake, kawadikireni pa tiyi m'mawa."

Ndinapita, koma ndinangoima pakhomo ngati munthu wodzalonjerera ngongole. Mayi mwini wake anandiyang'ana nati, "Lowa, mwanangu. Ndikudziwa kuti kwanu simumwa tiyi, koma benchi silifunsa mpingo." Anthu anaseka, ine ndinachita manyazi. Anandithirira madzi otentha ndi mkaka, ndinagula mandasi awiri, ndipo ndinakhala moyang'anana ndi bambo aja.

Sanandikalipire. Anandiwerengera ndalama zimene mwanayo amabwera nazo usiku umene usipa wagwa, kenako anandiwerengera za yunifolomu, makope ndi sopo. Pomaliza anati, "Aphunzitsi, m'boti lathu muli anyamata awiri a Fomu 4. Mundiuze chimene sukulu yawapatsa." Ndinasowa chonena. Amene anayankha ndi gogo wina amene anakhala pakona. Anati mmodzi mwa anyamata awiriwo ndi amene amasunga kope la boti, ndipo chiyambire iye kulemba, palibe wogula amene anawaberanso pa mawerengero. Mkangano unakula, aliyense akuponyapo lake. Pamene makapu ankatoleredwa, bambo aja anavomera kuti mwanayo abwerere ku sukulu ikatsegulira, kunyanja azipita kumapeto a sabata okha. Anabwereradi. Koma amene anawagonjetsa si ine, ndi anzawo a pa benchi. Ine ndinangobwera ndi funso pamalo pamene likanayankhidwa.

Phunziro loyamba ndi limenelo. Kuyambira 1994 maphunziro a pulayimale ndi aulere m'Malawi, koma kunyanja sukulu ili ndi mpikisano umene sitiuwerenga m'mabuku athu: ndalama ya lero, yogwira m'manja dzuwa lisanakwere. M'kalasi timaphunzira kuti mphunzitsi azigwira ntchito ndi makolo. Nanga makolowo tidzawapeza kuti? Msonkhano wa makolo umaitanidwa nthawi ya m'mawa, pamene msodzi wangogona kumene. Amabwera ndi amayi, komanso abambo amene amaikonda kale sukulu. Bambo amene ali ndi mawu omaliza pa mwana wothawa sukulu simudzamuona mu ofesi ya ahedi. Ali pa tiyirumu, ndipo pamenepo amalankhula momasuka chifukwa ndi pake.

Malo otere tisawapeputse chifukwa cha denga lake la malata akale. M'zaka za m'ma 1600 ku London kunabuka nyumba zomweramo khofi, momwe anthu a ntchito zosiyanasiyana ankakumana n'kumauzana nkhani. Imodzi inali ya Edward Lloyd, imene cha m'ma 1688 inkadzaza ndi eni zombo ndi amalonda ofuna kumva za zombo zawo panyanja. M'menemo ndi momwe munachokera msika wa inshuwalansi wa Lloyd's umene ulipo mpaka lero. Pa tiyirumu ya ku Senga Bay nkhani zake n'zofanana: chigoba cha usipa chili pa mtengo wanji lero, mwera uleka liti, boti la ndani silinabwerere, maliro ali kuti, ndani akufuna waganyu. Wailesi isananene, pa benchi zamveka kale.

Kusiyana kwake n'kwakuti kwathu mulibe khofi. Khofi anafika m'dziko muno mu 1878 ku mishoni ya Blantyre, ndipo lero alimi ang'onoang'ono amamulima m'mapiri a Misuku, Phoka ndi Viphya, n'kumamugulitsa ndi dzina la Mzuzu Coffee. Ku Maganga mumamuona m'mahotela a m'mphepete mwa nyanja, momwe amamwa alendo. Chakumwa cha mlovi ndi cha mayi wa geni ndi tiyi wa ku Thyolo ndi ku Mulanje. Ndipo tisaiwale kuti mishoni yathu ya Malamulo, imene inayamba mu 1902, ili ku Makwasa pakati pa minda ya tiyi, ndipo ena mwa abale athu kumeneko amalera ana ndi ndalama yothyola tiyi. Makolo athu m'chikhulupiriro sanathawe anthu a tiyi. Anakhala pakati pawo, natsegula sukulu ndi chipatala.

Ndikudziwa zimene ena mukufuna kundifunsa. Nanga chiphunzitso chathu cha zaumoyo? Ellen White, m'buku lake la The Ministry of Healing la mu 1905, analangiza kuti tiyi ndi khofi tizipewa, ndipo ine sindikutsutsa. Kafeini amabisa kutopa, sakuchotsa. Amene munaona mnzanu akugwedezeka manja m'chipinda cha mayeso atachezera ndi khofi usiku wonse mukudziwa zimene ndikunena. Ndionjezepo za shuga: masupuni anayi m'kapu imodzi, tsiku ndi tsiku, si chikondi kwa thupi. Koma chiphunzitsochi chikunena za zimene zili m'kapu mwanga. Sichikunena za munthu amene ndakhala naye pa benchi. Ife tachisandutsa mpanda, ndipo anthu a kunja kwa mpandawo satimva ngati anthu osamala thupi, amationa ngati anthu onyada.

Wina adzati, munthu akakuona ukutuluka m'menemo aganiza kuti wamwa. Kumudzi kulibe chinsinsi chotere. Sabata isanathe dera lonse linali litadziwa kuti mnyamata wa Adventist uja amamwa madzi ndi mkaka. Ena anandiseka, ena anandifunsa chifukwa chake, ndipo ndinafotokoza za tulo ndi za shuga kwa anthu amene sakanabwera ku msonkhano wathu wa zaumoyo ngakhale titawaitana ndi chimkuzamawu. Komanso tiyirumu si malo omwera mowa. Ambiri amene ndimakhala nawo ndi Asilamu, amene samwa mowa ndiponso sadya nkhumba monga ife. Chimene amadabwa nacho n'chakuti munthu wobadwira kunyanja angakane bwanji kampango. Timaseka, timalonjerana kuti "Ajimwiche uli?", ndipo tsiku limayamba.

Funso lachiwiri ndi la ukhondo, ndipo ili n'lolemera. Mliri wa kolera wa mu 2022 ndi 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo madera a m'mphepete mwa nyanja anavutika kwambiri. Sindinganame kuti matiyirumu onse ndi aukhondo. Madzi a m'ketulo amakhala owira, koma makapu ena amangoviikidwa m'beseni limodzi kuyambira m'mawa mpaka masana, ndipo anthu amasamba m'manja m'mbale imodzi. Koma ndani angamuuze mwini wake kuti aike sopo ndi jagi yothirira madzi, iye n'kumva? Munthu wodutsa panjira atatsina mphuno sangamveke. Amene amamveka ndi wogula wa tsiku ndi tsiku, amene mwini wake safuna kumutaya.

Lachitatu ndi la alongo athu. N'zoona kuti m'mamawa mabenchi amadzaza ndi amuna, ndipo mtsikana wolowa yekha amatsatidwa ndi maso ndi mawu osayenera. Izi n'zoipa, ndipo amuna amene timakhala pamenepo tili ndi udindo wodzudzula anzathu. Komabe dzuwa likakwera, amayi oyanika usipa pa thandala nawonso amabwera kudzapuma, ndipo matiyirumu ambiri eni ake ndi amayi. Mphunzitsi wamkazi amene akufuna kudziwa chifukwa chake mtsikana wa Sitandade 8 wasiya sukulu adzamva zoona kwa amayi amenewo.

Pali chinanso chimene ophunzira timachiiwala: kanyumba kameneka ndi moyo wa banja. Ndalama ya kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ufa wa tirigu, mafuta ophikira, mkaka wa ufa ndi shuga zonse zinakwera. Shuga amapangidwa m'boma lathu lomwe la Salima komanso ku Dwangwa, koma mayi wa pa tiyirumu amamugula paketi imodziimodzi pa mtengo wa pa golosale. Akakweza kapu, alovi amadandaula. Akapanda kukweza, mpamba umatha. Phindu lake lochepalo silipita kutali. Limagula makala kwa mnansi, limalipira mtsikana wotsuka makapu, limalipira fizi ya mwana ku sekondale. Apa ndiye tiyenera kudziyang'ana ife eni. Kunja kwa mpanda wa koleji kulinso amayi otere, ndipo m'makope awo a ngongole muli maina a ophunzira amene anadya mandasi chaka chonse n'kupita kwawo osatsanzika. Ena a iwo amaimba m'kwaya pa Sabata. Munthu wokana tiyi koma wothawa ngongole ya mandasi waphonya chachikulu. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Ngongole nayo imatsata, ndipo imatsata ndi dzina la mpingo.

Ngati tikufuna kuti pa tiyirumu pakhale zakumwa zina, njira yake ndi kugula. Wamalonda amaphika zimene anthu akufunsa. Thobwa, madzi a malambe, chidede, madzi otentha a mandimu, zonsezi zipangizo zake zili pafupi ndipo n'zotsika mtengo. Ophunzira khumi atamafunsa thobwa m'mawa uliwonse, ndalama ili m'manja, sipangathe mwezi chidebe cha thobwa chisanaikidwe pambali pa ketulo, ndipo mlovi amene sanaganizepo zosiya tiyi adzalawako.

Pempho langa ndi laling'ono. Tchuthi chikubwerachi, sankhani tiyirumu imodzi ya kwanu, kaya ndi ku Maganga, ku Nkhotakota kapena ku Mlangeni. Pa Sabata sitigula, koma masiku ena asanu ndi limodzi alipo. Lowani, lonjerani aliyense, itanitsani chimene chikumbumtima chanu chikulola, ndipo lipirani pompo. Sabata yoyamba musalalikire, musaphunzitse, mungomvetsera. Funsani kuti ndi ana angati a m'deralo amene asiya sukulu chaka chino, ndipo muone amene ayankhe. Mudzatuluka mukudziwa za dera lanu zimene simunazidziwe zaka zonse mukudutsa panja.

Ine ndikabwerera kwathu ndikudziwa poyambira. Ndikangokankha nsalu ya pakhomo, mayi aja amafuula kwa mtsikana wawo kuti, "Wamadzi uja wabwera, tenga kapu." Bambo aja amasendera kuti ndikhale, ndipo chinthu choyamba chimene amandiuza ndi mmene mwana wawo wakhozera masamu.