MSONKHO WA CIPATALA KWA OPHUNZIRA OPITA KU BRITAIN

Mphunzitsi kapena kalaliki wa Boma akalandira malo pa Yunivesite ya ku Britain, amayamba kuwerengera ndalama za sukulu, za ndege ndi za cakudya. Ambiri amaiwala ndalama ina imene ifunika munthu asanakwere n'komwe ndege, ndiyo ya cipatala. Popanda kulipira imeneyi, visa, ndico cilolezo colowera m'dzikomo, situruka ai.

Zipatala za Boma ku Britain ziri m'manja mwa bungwe la National Health Service, limene linayamba m'caka ca 1948, Aneurin Bevan ali Nduna ya Zaumoyo. Kwa zaka zambiri wophunzira wocokera kunja, ngati maphunziro ace anali a miyezi 6 kapena kuposa, anali kuciritsidwa mwaulere monga mwini dziko. Zimenezi zinatha mu April 2015, pamene Boma la kumeneko linayamba kulandira msonkho dzina lace Immigration Health Surcharge. Poyamba wophunzira anali kupereka £150 pa caka. Mu January 2019 msonkhowu unafika £300, mu October 2020 unafika £470, ndipo mu February 2024 unakwera kufika £776. Ndiye kuti m'zaka 9 zokha unakwera kasanu ndi kupitirira.

Anthu ambiri amati imeneyi ndi inshuwalansi, koma kusiyana kulipo, ndipo n'kumene kumapweteka thumba. Pa inshuwalansi munthu amasankha kampani, nafunafuna mtengo wocepa. Pa msonkho uwu palibe cosankha. Ngakhale amene ali nayo kale inshuwalansi yaceyace ayenera kulipirabe. Ndiponso salipira pang'onopang'ono caka ndi caka, koma kamodzi, popempha visa, ndalama ya zaka zonse. Powerengera ayang'ana utali wa visa, osati wa maphunziro. Wokacita digiri ya Master's ya miyezi 12 amapatsidwa miyezi inai yoonjezera, ndipo miyezi imeneyi ailipiritsa ngati theka la caka. Zonse pamodzi, pa mtengo wa 2024, zikwana £1,164. Wa digiri ya zaka zitatu atulutsa £2,716 asanaone ndi khomo lomwe la sukulu.

Kwa anchito a Boma pali cinanso. Kuyambira January 2024 ophunzira ambiri a Master's analetsedwa kutenga mabanja ao, koma otumizidwa ndi Boma ndi ocita maphunziro ofufuza monga PhD anasiyiridwa ufuluwo. Ufulu umenewu uli ndi mtengo wace, pakuti mkazi kapena mwamuna ndi mwana aliyense alipiridwa msonkho womwewo. Bambo wopita ndi mkazi ndi ana awiri alipira kanai. Tsono ndalamazi amaziwerengera m'mapaundi, ndipo Kwaca itagwa ndi 44 pa 100 iliyonse mu November 2023, katunduyu analemera koposa kwa iye amene malipiro ace ali a kuno.

Kodi msonkhowu ndi wacilungamo? Ife tiganiza kuti pa cimene munthu alandira, mtengo wace suli woipa kwenikweni. Wolipira aonana ndi dotolo ndi kugona m'cipatala, ngakhale kucitidwa opaleshoni, osaperekanso kanthu, pamene mlendo wosalipira msonkhowu amulipiritsa mtengo wa cithandizo ndi theka lace pamwamba. Coipa cace ndi kufuna ndalama yonse pa nthawi imodzi, kwa munthu amene sanayambe ndi ulendo womwe. Komanso sizonse ziri zaulere: ku England wodwala alipirabe mankhwala olembedwa ndi dotolo, ndiponso za mano ndi za maso, ngakhale ku Scotland ndi ku Wales mankhwalawo salipiritsa. Visa ikakanidwa, msonkho abweza. Koma wobwerera kwao nthawi isanakwane, kapena wosadwala konse, asayembekeze kanthu. Kupimidwa cifuwa cacikulu, kumene wokhala m'Malawi ayenera kucita asanapemphe visa yoposa miyezi 6, kuli ndi mtengo wacenso wapadera.

Maiko ena acita mwa njira yina. South Africa, kumene ana athu ambiri amakaphunzira, ifuna umboni wakuti wophunzira walowa m'bungwe la cithandizo ca mankhwala lolembedwa m'kaundula wa Council for Medical Schemes. Inshuwalansi ya kuno yokha siikwanira.

Ophunzira a Chevening, amene Boma la Britain liwalipirira, satulutsa ndalamayi m'thumba mwao. Ena onse, makamaka othandizidwa ndi Unduna wao, ndi mpingo kapena ndi Yunivesite yomwe yawaitanayo, awerenge bwino kalata ya cithandizo. Ngati kalatayo inena za sukulu, ndege ndi cakudya zokha, afunse msanga, ndipo ayankhidwe molemba, kuti msonkho wa cipatala adzapereka ndani, ndiponso ngati a pabanja awerengedwamo.