Sandton: tawuni ya anamadyabwino yomwe ikuthawa khonsolo mwakachetechete

Munthu akaima pamseu waukulu wa M1, kumpoto kwa mzinda wa Johannesburg, amaona maiko awiri nthawi imodzi. Kumadzulo kuli Sandton, komwe nyumba yosanja ya Leonardo idatalika mamita 234 ndipo mabanki ndi makampani akuluakulu adamangako malikulu awo. Kummawa kuli Alexandra, komwe zisakasa za malata zidathithikana mpaka m'mbali mwa mtsinje wa Jukskei. Madera awiriwa ali pansi pa khonsolo imodzi ndipo msonkho wawo umagwera m'thumba limodzi. Pomwe chisankho cha makhonsolo chikuyandikira, funso lalikulu ndi lakuti thumba limeneli lakhala likupindulira yani.

Sandton si tawuni yakale. Idakhazikitsidwa mu 1969, ndipo dzina lake lidachokera ku madera awiri, Sandown ndi Bryanston. Panthawiyo kudali minda ing'onoing'ono ya azungu olemera omwe ankaweta akavalo ndi kukonda bata. Zinthu zidayamba kusintha mu 1973 pomwe nyumba ya masitolo ya Sandton City idatsegulidwa. M'zaka zotsatira makampani adayamba kusamuka pakati pa Johannesburg nkudzamanga maofesi kumeneku. Msika wa masheya wa JSE udatsatira mu 2000, ndipo mu 2010 sitima yothamanga ya Gautrain idalumikiza Sandton ndi bwalo la ndege la OR Tambo. Atsogoleri a maiko a BRICS adakumana kumeneku mu 2023.

Chomwe chidalemeretsa tawuniyi si malonda okha, komanso malire. Mu ulamuliro wa tsankho, Sandton idali ndi khonsolo yakeyake, yotolera msonkho wa malo pa nyumba ndi maofesi a mtengo wapatali nkuugwiritsa ntchito pa anthu ochepa. Alexandra, yomwe idakhalapo kuyambira 1912 ndipo Nelson Mandela adakhalako ali mnyamata, idali kunja kwa malirewo. Anthu ake ankadzuka mbandakucha kukaphika, kusesa ndi kulondera ku Sandton, ankagulanso m'masitolo a kumeneko, koma msonkho wochokera m'thukuta lawo sunkaoloka mseu. Nchifukwa chake omenyera ufulu ankafuula kuti mzinda ukhale umodzi, thumba la msonkho likhalenso limodzi.

Ufulu utabwera mu 1994, khonsolo ya Sandton idathetsedwa ndipo dera lake lidaphatikizidwa ndi Alexandra. Mu 1996 msonkho wa malo udakwera kwambiri, ndipo eni nyumba ndi makampani ambiri a ku Sandton adanyanyala kulipira. Nkhani idafika ku bwalo lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko, pa mlandu wodziwika ndi dzina la kampani ya inshuwalansi ya Fedsure, koma mu 1998 bwalolo silidathetse msonkhowo. Pofika 2000 Johannesburg yonse idakhala pansi pa khonsolo imodzi, ndipo lero Sandton ndi Alexandra zili m'chigawo chimodzi chotchedwa Region E.

Mfundo yophatikiza thumba idali yolungama. Chomwe chalephera ndi kasungidwe kake. Kuyambira 2016, pomwe chipani cha ANC chidataya mphamvu zolamula chokha mzindawu, anthu 8 osiyana akhalapo pampando wa meya. Awiri mwa iwo, Geoff Makhubo ndi Jolidee Matongo, adamwalira ali paudindo mu 2021, koma ena ambiri adagwa chifukwa cha migwirizano ya zipani yomwe imamangidwa lero nkupasuka mawa. Mu 2023 Thapelo Amad, wa chipani cha Al Jama-ah chomwe chidali ndi mipando 3 yokha mwa 270, adakhala meya kwa miyezi pafupifupi itatu. Khonsolo yosinthasintha chotere siyingakonze mapaipi okalamba kapena kulondoloza bajeti ya zaka zisanu. Madzi amasowa masiku angapo, maloboti sayaka, miseu ili maenje okhaokha. Mu Malichi 2025 Pulezidenti Cyril Ramaphosa mwini wake adadandaula poyera ndi momwe mzindawu ukuonekera.

Anthu a ku Sandton sadabwererenso ku kunyanyala kwa 1996. Apeza njira ina yopanda phokoso. Madzi akavuta amakumba mijigo ndi kuika mathanki. Magetsi akathima amadalira sola ndi majenereta. Chitetezo amagula ku makampani a alonda, ndipo m'madera ambiri miseu yolowera idatsekedwa ndi zipata. Pakati pa tawuniyi eni nyumba amasonkha ndalama yapadera ku bungwe la Sandton Central Management District kuti lizisesa ndi kulondera miseu. Malire omwe adafufutidwa pamapu akumangidwanso ndi ndalama za m'thumba la munthu.

Kuthawa kotereku kuli ndi mtengo, ndipo olipira ndi osauka. Makhonsolo a ku South Africa amapeza gawo lalikulu la ndalama zawo pogulitsa magetsi ndi madzi, ndipo phindu lochokera kwa ogula olemera ndilo limathandiza kuchepetsa mtengo kwa osowa. Nyumba iliyonse yomwe yasamukira ku sola ndi mjigo ndi kasitomala wabwino amene khonsolo yataya. Chinanso, munthu amene madzi ake satuluka m'paipi ya khonsolo alibenso chifukwa chokakamizira khansala wake.

Ku Alexandra kulibe kothawira. Mu 2001 boma la Thabo Mbeki lidakhazikitsa ntchito yokonzanso derali ndi ndalama zokwana R1.3 biliyoni, koma mu Epulo 2019 anthu okwiya adatseka miseu nkuguba mpaka ku maofesi a khonsolo ku Sandton, kufunsa komwe chitukukocho chidalowera. Mkwiyo wotere nthawi zina umagwera osalakwa. Ziwawa zothamangitsa alendo mu Meyi 2008 zidayambira ku Alexandra komweku ndipo zidapha anthu oposa 60 m'dziko lonselo. Amalawi ambiri omwe amasamala maluwa ndi kulondera nyumba kumpoto kwa Joni amadziwa kuti ntchito za khonsolo zikasokonekera, chala chimayamba kuloza mlendo.

Chipani cha DA chasankha Helen Zille, yemwe adakhalapo meya wa Cape Town, kuti apikisane pampando wa meya wa Johannesburg, ndipo ANC ikulimbana kuti isataye mzindawu. Aliyense amene apambane adzakumana ndi ntchito ziwiri zosalekanitsika: kutsimikizira wa ku Sandton kuti msonkho wake sukugwera m'dzenje, ndi kuonetsa wa ku Alexandra kuti thumba limodzi lomwe makolo ake adamenyera lili ndi gawo lake. Akalephera imodzi, inayo nayo igwa, chifukwa paipi yomwe yaphulika pansi pa M1 siyifunsa kuti madzi ake amapita mbali iti ya mseu.