MLENDO APITE NGATI MBONI

Anzanga, ambiri a ife timalakalaka kuti tikatsiriza sukulu tidzapite ku maiko akutali kukathandiza anthu amene ali pa mabvuto. Alipo anyamata ndi asungwana amene amadzipereka okha, popanda malipiro eni-eni, kukagwira nchito yobwezeretsa mtendere ndi yoteteza akazi ku nkhanza m'maiko a nkhondo. Ine ndiri kubvomereza kuti nchito imeneyi ndi yabwino. Koma kodi mlendo wosadziwa ngakhale njira ya ku chitsime angathandize chiani pa mlandu wa eni mudzi?

Ndiganiza kuti mlendo ali ndi chinthu chimodzi chimene eni dziko alibe, ndicho maso a kunja. Tiyeni tione za ku Guatemala, dziko la pakati pa America, kumene kunali nkhondo ya pachiweniweni kuyambira 1960 kufikira 1996. Anthu ambiri anali kugwidwa ndi asilikari, osaonekanso. M'chaka cha 1984 abale a anthu osowawo, makamaka akazi ndi amai ao, anayamba bungwe lochedwa Grupo de Apoyo Mutuo kuti afunse Boma kumene kunali abale ao. Mu 1985 atsogoleri awiri a bungwelo anaphedwa. Pamenepo alendo odzipereka a Peace Brigades International, amene anafika m'dzikomo mu 1983, anayamba kuperekeza atsogoleri otsalawo usana ndi usiku. Mfuti analibe, ngakhale chibonga. Mphamvu yao inali yakuti wakupha aliyense anadziwa kuti akachita choipa pamaso pa mlendo, nkhani idzafika kwa akazembe ndi m'nyuzi za maiko ena, ndipo Boma lake lidzachita manyazi. Nchito imeneyi si yamasewera ai, pakuti mu 1989 bomba linaponyedwa pa nyumba yao ndipo atatu a iwo anabayidwa ndi mipeni.

Nzeru yomweyo inagwiranso nchito kuno ku Africa. Nkhondo itabuka ku South Sudan mu December 2013, anthu zikwi-zikwi anathawira ku msasa wa ku Bentiu. Akazi potuluka kukatola nkhuni anali kugwiriridwa ndi anthu a mfuti. Anchito a bungwe la Nonviolent Peaceforce anayamba kupita nao kuthengo chimanja-manja, kuti woipayo aone kuti pali mboni.

Tsono taonani kuti m'nkhani ziwirizi mlendo sanaweruze mlandu. Amene anafunsa Boma la Guatemala anali amai a komweko, mlendo anangoyenda pambali pao. Ndipo ku Liberia mu 2003, pamene akazi Achikristu ndi Achisilamu anabvala zoyera nakhala pansi pafupi ndi msika wa nsomba ku Monrovia, kenaka natseka makomo a nyumba ya msonkhano ku Accra kuti atsogoleri a nkhondo asatuluke asanagwirizane, amene anachita zimenezi anali akazi a ku Liberia eni ake. Mtsogoleri wao, Leymah Gbowee, analandira mphotho ya Nobel mu 2011.

Ena adzati, "Nanga si akulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa?" Inde anatero, koma kalumo kali m'manja mwa munthu wosadziwa mutu umene ali kumeta kangathe kucheka khutu. Mlendo akafika ndi kuyamba kudzudzula amuna pa bwalo, iye mawa adzakwera ndege, koma mai amene anamuuza chinsinsi chake adzatsala m'mudzi momwemo ndi amene anamuzunza. Ndicho chifukwa chake a Peace Brigades International amapita kokha kumene aitanidwa, amayamba aphunzira chinenero cha eni dziko, ndipo salowerera m'zochita za mabungwe amene amawaperekeza.

Chotero kwa inu anzanga ofuna nchito imeneyi ndikuti, phunzirani zinenero, phunzirani kumvetsera ndi kusunga chinsinsi, ndipo musafulumire kulangiza akulu a kwa eni. Kuyesera kwake kungayambe konkuno. Msungwana mnzathu akamaopa kuyenda yekha pobwerera kwao chifukwa cha anyamata omubvuta m'njira, timperekeze, ndipo tikauze aphunzitsi zimene taona. Amene sangathe kukhala mboni pa njira ya ku sukulu, sindikhulupirira kuti angathe ku Bentiu.

Wophunzira wa Fomu 4